Njinga Zopanda Mabuleki: Zimene Ndinaona ku Manchester

Awa ndi mau amene mnzathu wina, yemwe anakhala zaka zambiri ku Mangalande, analankhula pa chakudya chamadzulo cha msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga m'mene anawalankhulira.

Pamene a Mlembi anandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule, anati mutu ndisankhe ndekha, koma usakhale wa ndale kapena wa matenda a ukalamba, popeza nkhani zimenezi tazimva mokwanira. Choncho ndasankha kukuuzani za masewera ena amene ambiri a inu simunawaonepo, amene ine ndinawatsatira kwa zaka 15 ndiri ku Mangalande, ndipo lero akuzirala pang'onopang'ono ife owakonda tikuona ndi maso. Dzina lake ndi speedway.

Poyamba ndifotokoze kuti speedway nchiyani, chifukwa ndikuona ena mwayamba kale kuyang'anana. Ndi mpikisano wa njinga zamoto pa bwalo lozungulira ngati dzira, lothiridwa dothi losakaniza ndi timiyala tophwanyaphwanya. Ulendo uliwonse pamakhala okwera anayi, awiri a timu ino ndi awiri a timu inayo, ndipo amazungulira bwalolo kanayi, kukhotera kumanzere kokhakokha. Woyamba amapata mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza amangodya fumbi. Zonsezi zimatha m'mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Njinga yake iri ndi injini ya 500cc, giya ndi imodzi yokha, ndipo mabuleki palibe. Ndibwereze, a Wapampando, kuopa kuti ena angaganize kuti lilime laterereka: mabuleki palibe. Munthu akafika pakona amaponya tayala lakumbuyo cham'mbali, njinga nkumayenda chopingasa, phazi lamanzere lovala nsapato yachitsulo likukhwekhwereza pansi, dothi likuulukira ife oonerera.

Njingazi sizimwa petulo. Zimamwa methanol, amene ndi m'bale wake wa kachasu, kungoti uyu ndiye poizoni weniweni. Ndipo m'masiku athu mu injini ankathiramo oilo wotchedwa Castrol R, wopangidwa kuchokera ku nsatsi, nsatsi zomwezi agogo athu ankayenga mafuta odzola. Oilo ameneyu akamapsa ankatulutsa fungo lake lake, lotsekemera, limene unkalimva usanalowe nkomwe pachipata. Mukakumana ndi nkhalamba iriyonse yokonda speedway, muifunse chimene imakumbuka, idzayamba ndi fungolo isanatchule dzina la wokwera aliyense.

Masewerawa anakula ku Australia m'zaka za m'ma 1920, ndipo anafika ku Mangalande mu February 1928 pa malo otchedwa High Beech, kufupi ndi London. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu ankadzaza mabwalo, koma m'zaka za m'ma 1950 msonkho wa boma pa zosangalatsa, kuphatikizapo kubwera kwa wailesi ya kanema m'nyumba za anthu, zinatseketsa matimu ambiri. Mu 1965 anakhazikitsa ligi yatsopano, British League, ndipo zinthu zinadzukanso. Ine ndinafika ku Manchester mu 1974 kukaphunzira za uinjiniya, nthawi imene anthu ankati kupatula mpira wamiyendo, palibe masewera ena okoka anthu ambiri ngati speedway.

Amene munakhalako kunja mukudziwa m'mene chaka choyamba chimawawira. Kuzizira, mdima wa 4 koloko masana, ndiwo zopanda mchere, ndiponso kusowa woti nkumuuza kuti mwadzuka bwanji. Ku mabwalo a mpira masiku amenewo kunkachitika ndeu kawirikawiri, ndipo munthu wakhungu ngati langali ankayamba wadzifunsa asanapiteko yekha. Mnzanga wina wa m'kalasi, mwana wa komweko, ndiye ananditenga Loweruka lina madzulo kupita nane ku Hyde Road, kwawo kwa timu ya Belle Vue Aces. Kumeneko ndinapeza agogo, makolo ndi ana, ena atanyamula tiyi m'mafulasiki, ochemerera matimu awiri onse ataima pamodzi popanda wapolisi pakati pawo. Aliyense anali ndi kathabwa, pulogalamu ndi cholembera, kulemba zotsatira za mpikisano uliwonse ngati ana a sukulu akulemba masamu. Mayi ena achikulire amene anaima pafupi nane ataona kuti pulogalamu yanga iri mbee, anailanda nayamba kundiphunzitsa: wa chisoti chofiira ndi wa chobiriwira ngati thambo ndi athu, wa choyera ndi wa chachikasu ndi alendo. Sanandifunse kumene ndinachokera mpaka patapita milungu itatu. Chimene ankafuna kudziwa nchakuti ndikuchemerera yani.

Bwalo la Hyde Road linatsegulidwa mu 1929, ndipo linamangidwira speedway yeniyeniyo. Kuzungulira kamodzi anali mamita 382, ndipo linali lotambalala, kotero kuti munthu wotsalira poyamba anali ndi njira zingapo zopitirira anzake. Pambali pake panali malo aakulu a zisangalalo a Belle Vue, okhala ndi makatungwe ndi nyama zakutchire, mpaka mbali ya nyamayo inatsekedwa mu 1977. Masewera a ligi ankakhala ndi mipikisano 13, timu iriyonse ya okwera 7, ndipo mapointi onse pamodzi anali 78. Choncho mukamva nkhalamba ikunena kuti tinapambana 40 kwa 38, dziwani kuti usiku umenewo anthu anatha zikhadabo ndi mano.

Ndinachedwa pang'ono kumuona Ivan Mauger wa ku New Zealand atavala malaya a Aces. Iye anali atawathandiza kutenga ligi mu 1970, 1971 ndi 1972, kenaka nkuchoka, ndipo ankabwera ku Hyde Road ngati mdani. Munthu ameneyu anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi, kuyambira 1968 mpaka 1979, ndipo nzeru zake zinali poyambira: zingwe zikangokwera m'mwamba, iye wapita kale, ena nkumangoona msana wake. Wathu anali Peter Collins, mnyamata wa ku Manchester komweko, amene anali wosiyana kwambiri ndi Mauger. Collins kawirikawiri ankanyamuka mochedwa, nkufika pakona yoyamba ali wachitatu kapena womaliza. Tsono apo mpamene ife tinkaimirira pa zala. Ankapita kunja kwenikweni, pafupi ndi mpanda, kumene dothi linaunjikana ndipo tayala limagwira bwino, nkuwadutsa mmodzimmodzi, wina pakona yachitatu, wina pa mzere womalizira. Akakhala pamodzi ndi mnzake Chris Morton, amenenso anali wotero, bwalo lonse linkachita ngati lagwa.

Mu September 1976 Collins anakatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Chorzów, m'dziko la Poland, pa injini ya Weslake yopangidwa ku Mangalande. Anali Mngelezi woyamba kutero chichokere Peter Craven, wa Belle Vue yomweyo, amene anapambana mu 1955 ndi 1962, namwalira mu 1963 atachita ngozi pa mpikisano ku Edinburgh. Masewerawa amapha, ndipo aliyense woima pa bwalo paja ankadziwa zimenezo. Chaka chotsatira, 1977, Collins anathyoka mwendo pa Hyde Road patangotsala masiku ochepa kuti akateteze ukatswiri wake ku Gothenburg, m'dziko la Sweden. Anapitabe, akuyendera ndodo, anzake akumukweza pa njinga, ndipo mvula ikugwa anathera pa nambala 2, kumbuyo kwa Mauger. Kwa ine, a Wapampando, nambala 2 imeneyo inaposa nambala 1 ya chaka chapitacho.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la fainolo ya 1981 pa Wembley, ku London. Tinanyamuka m'mamawa pa basi ya ochemerera, ndipo tinapeza anthu oposa 90,000. Bruce Penhall wa ku America anapambana usiku umenewo, atamupitirira Ole Olsen wa ku Denmark pa mzere weniweni womalizira. Chaka chomwecho Mike Ferreira, mnansi wathu wa ku Zimbabwe, kumene speedway inkachitikanso m'zaka za m'ma 1970, anatenga chikho cha okwera a ligi yachiwiri ya ku Mangalande. Tonse tinabwerera kwathu tikuganiza kuti zinthu zidzakhala choncho mpaka kalekale. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Imeneyo inali fainolo yomaliza kuchitikira pa Wembley.

Nanga chinachitika nchiyani? Ena amati mpikisano unasiya kukoma, koma ine ndikukana, popeza anyamata a lero amathamanga kuposa a nthawi yathu. Mavuto anadza motsatizana. Penhall atapambananso mu 1982 ku Los Angeles anasiya masewera tsiku lomwelo nkupita kukachita zisudzo za pa kanema. Mu 1984 nyuzipepala ina ya Lamulungu inalemba kuti okwera ena ankagulitsana mapointi, ndipo anthu ambiri anataya chikhulupiriro. Mu 1985 pulogalamu ya World of Sport, imene inkaonetsa speedway pa kanema Loweruka masana, inatha. Mwana amene saona chinthu pa kanema sangavutitse bambo wake kuti apite naye kukachiona.

Koma nkhonya yaikulu inali ya malo. Pa 11 May 1985 moto unabuka pa bwalo la mpira la Bradford City nupha anthu 56, ndipo boma linakhwimitsa malamulo okhudza mabwalo okhala ndi mipando ndi madenga a matabwa. Hyde Road inali ya matabwa pafupifupi yonse. Kuikonza kunafuna ndalama zambiri, pamene malowo akanagulitsidwa akanabweretsa ndalama zoposa pamenepo. Kumapeto kwa 1987 bwalo linatsekedwa, linagwetsedwa, ndipo pamalopo anayamba kugulitsirapo magalimoto akale. Ine ndinalipo m'miyezi yomalizayo. Ndinaona amuna akuluakulu akutapa dothi la pa bwalo nkumaika m'matumba a majekete, misozi iri m'masaya.

Aces anasamukira ku bwalo la mpikisano wa agalu kufupi pomwepo, kukakhala a lendi. Apa mpamene panagona vuto la speedway yonse ya ku Mangalande. Matimu ambiri analibe bwalo lawolawo. Ankabwereka kwa eni mabwalo a agalu kapena a mpira, ndipo mwini malo akapeza womanga nyumba kapena masitolo wopereka ndalama zambiri, timu inkangouzidwa tsiku lotuluka. Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Cradley Heath inataya bwalo lake mu 1995. Bradford inatenga ligi mu 1997 nkutseka chaka chomwecho. Wimbledon inatha mu 2005, ndipo chichokere nthawi imeneyo mzinda wa London, umene kale unali ndi matimu ku Wembley, West Ham, Hackney, New Cross ndi kwina, ulibe timu ndi imodzi yomwe. Coventry inatsekedwa kumapeto kwa 2016, Wolverhampton ndi Peterborough mu 2023. Ndipo bwalo likatsekedwa nkovuta kupeza lina, chifukwa palibe amene amafuna phokoso la njinga pafupi ndi nyumba yake.

Pamene zimenezi zinkachitika, ndalama za masewerawa zinasamukira ku Poland, kumene mizinda yambiri iri ndi mabwalo akeake ndipo anthu amadzazabe. Wokwera wabwino masiku ano amakwerera timu ya ku Poland, ina ya ku Sweden, mwinanso ina ya ku Mangalande, zonse m'mlungu umodzi. Popeza Poland ndiyo imalipira bwino, inatenga masiku a kumapeto kwa mlungu, ndipo ligi yaikulu ya ku Mangalande inatsala ndi Lolemba ndi Lachinayi, masiku amene mwana amayenera kugona msanga chifukwa mawa kuli sukulu. Ife tinkadziwa kuti Collins ndi wathu, chaka ndi chaka. Mwana wa lero angakonde bwanji munthu amene Lolemba wavala malaya a kwanu, Lamulungu wavala a dziko lina?

Sindikufuna kukusiyani ndi maliro okhaokha. Mu 2016, ndi thandizo la khonsolo ya mzinda wa Manchester, anatsegula bwalo latsopano la National Speedway Stadium ku Gorton, pafupi ndi pamene panali Hyde Road, ndipo analipanga lotambalala ngati lakale lija. Mu 2022 Aces anatenga ligi koyamba chichokere 1993. Ku Oxford bwalo limene linakhala lotseka zaka zambiri linatsegulidwanso mu 2022, chifukwa anthu a mumzindamo anakana kuti ligwetsedwe, nalimbikira osatopa mpaka zinatheka. Ana anga akadali ku Manchester, ndipo ndikapita kukawaona ndimatenga adzukulu kupita nawo ku bwalo latsopanolo. Mpikisano wake ngwokoma zedi. Koma ndikayang'ana uku ndi uku ndimaona imvi zambiri, anthu omwe aja tinali nawo mu 1976, ndipo chaka chirichonse pamakhala mipata pamene panali munthu.

Tsono chimene ndinaphunzira pa zaka zonsezi ndi ichi. Ife ochemerera tinali ndi chikondi chochuluka, koma malo amene chikondicho chinkakhalapo sanali athu, ndipo pa tsiku logulitsa palibe amene anatifunsa. Kumene masewerawa apulumuka ndi kumene anthu anagwira malo msanga, ndiponso kumene agogo akubwerabe ndi adzukulu. M'mera mpoyamba. Kwina konse, nyengo yozizira ikafika, ochemerera amangodikira kumva ngati timu yawo idzakhalapo chaka chamawa.

Amene muli ndi ana kapena adzukulu ku Mangalande, mukapitako pakati pa March ndi October, muwapemphe akuperekezeni ku speedway ngakhale kamodzi kokha. Mugule pulogalamu, mutenge cholembera, ndipo muime pafupi ndi kona yoyamba. Musavale malaya oyera.

A Wapampando, ndaona a Mlembi ayang'ana wotchi kachiwiri, ndipo nsima ikuzizira.