Makina okopera mabuku omvetsera: walira mvula walira matope

Ana athu ndi adzukulu athu amene mwakulira kuno ku Glasgow, lero tikambirana za makina amene malaibulale amagwiritsa ntchito pokopera mabuku omvetsera, oti anthu a vuto losaona aziwerenga ndi makutu. Ambiri a inu mumadziwa bwino za makompyuta, ndipo ena mwakhala mukufunsa mmene mungathandizire kwathu. Musanasonkhe ndalama yogulira chipangizo chilichonse, tiyeni timvetse kuti wopanga makina akasankha chimodzi amataya china, ndipo womva kupweteka kwake amakhala wowerenga uja.

Ntchitoyi ndi yakale. Bungwe la RNIB linayamba kutumiza mabuku olankhula mu 1935, makamaka kwa asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nthawi imeneyo mawu ankajambulidwa pa mbale za galamafoni. Kenaka kunabwera matepi, ma CD, ndipo tsopano ndi fulashi ndi intaneti. Kuno kwathu, bungwe la Cue and Review ku Bishopbriggs linayamba mu 1982 kuwerengera anthu osaona nyuzipepala ndi magazini, ndipo Royal Mail imanyamula zinthu zotere mwaulere pa dongosolo la Articles for the Blind.

Kumene anaganizira kwambiri za kapangidwe kake ndi ku America. Nthambi ya Library of Congress yotumikira osaona, yomwe inakhazikitsidwa mu 1931, inayamba mu 2009 kugawa mabuku pa katiriji. M'kati mwake muli fulashi wamba, koma chikhokho chake n'chachikulu pafupifupi ngati kaseti, chili ndi bowo lokolowekamo chala pochisolola, ndipo chimalowa m'wailesi yake mbali imodzi yokha. Agogo a manja onjenjemera sangachilowetse chozondoka, ndipo chikagwa pansi amachipeza pofufuza ndi dzanja. Mtengo wake ndi wakuti katiriji ndi yodula kuposa fulashi wa m'sitolo, ndipo makina oikopera amafunika mipata yopangidwira iyo yokha.

Kusankha kwachiwiri kuli pa kakoperedwe. Makina osavuta amatenga buku limodzi n'kulilemba pa mafulashi ambiri nthawi imodzi. Safuna kompyuta, ndipo munthu wongodzipereka amawaphunzira tsiku lomwelo. Kwa nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu n'zabwino, popeza aliyense akulandira zofanana. Koma kwa laibulale zikutanthauza mashelefu odzaza ndi makope odikira wobwereka. N'chifukwa chake malaibulale a ku America anasamukira ku makina ngati Gutenberg, amene amawerenga zimene munthu wapempha n'kumuikira mabuku angapo pa katiriji imodzi. Mashelefu anapepuka, ndipo buku lotchuka silikhalanso ndi mzere wolidikira. Chinatayika n'chiyani? Kale katiriji inali ndi mutu wa buku m'zilembo za Braille, munthu n'kudziwa ndi chala chimene wagwira. Katiriji yosinthasintha mabuku singakhale ndi chizindikiro chokhazikika chotere, ndipo wowerenga ayenera kuphunzira kudumpha kuchoka pa buku lina kupita pa lina ndi mabatani. Makinawo nawonso amadalira kompyuta, pulogalamu ndi kaundula wa obwereka. Chimodzi chikafa, ntchito yaima.

Chachitatu ndi liwiro. Makina ambiri amalola kuti akamaliza kulemba abwerere kukawerenga zonse ndi kuyerekeza ndi buku lenileni. Kutero kumadya nthawi, ndipo pamene ntchito yachuluka mtima umafuna kuzimitsa batani limenelo. Koma kuthamanga si kufika. Wokopera wapulumutsa mphindi zochepa, pamene wowerenga wadikira positi masiku angapo n'kulandira buku loduka pakati pa mutu wachisanu.

Chachinayi ndi loko. Mabuku a laibulale ya ku America ndi okiyidwa, amalira pa zipangizo zovomerezeka zokha, pofuna kuteteza umwini wa olemba. Nyuzipepala zolankhula za kuno zimakonda MP3 wamba, yolira paliponse, komanso yosavuta kuti wina aikope popanda chilolezo.

Tsopano tiyeni tipite nazo kumudzi. Mabanja ambiri a kumidzi ku Malawi alibe magetsi a ESCOM, ndipo bandulo ya intaneti si ya aliyense. Koma mawailesi ndi timasipika tolandira fulashi kapena memore khadi tili pa msika uliwonse, ndipo pa malo ochitira malonda mumapeza anyamata oika nyimbo m'makhadiwo ndi kompyuta imodzi. Amenewo ndiwo makina okopera amene dziko lathu lili nawo kale. Titati titumize katiriji yokongola ya ku America kwa mwana wosaona ku Nsanje, wailesi yake ikafa palibe wokonza, ndipo buku lafera pomwepo. Tikatumiza memore khadi, ilira m'nyumba zambiri, koma ndi kakang'ono ngati chikhadabo. Munthu wosaona kakamugwa m'manja, kapita. Fulashi yomangirira kachingwe ndi kachikwangwani kokhudzika ingakhale pakati pa ziwirizi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: sitingapeze zonse, tiyenera kusankha.

Ndiye tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, pitani mukadzipereke ku nyuzipepala yolankhula ya m'dera lanu, mukagwire makinawo ndi manja anu. Chachiwiri, musanagule kanthu funsani eni nkhani, monga a Malawi Union of the Blind ndi aphunzitsi a koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kuti ophunzira awo amamvetsera pa chiyani. Chachitatu, lemekezani olemba. Pangano la Marrakesh la mu 2013, lomwe Malawi ndi UK analowamo, limalola mabungwe ovomerezeka kusinthana mabuku a osaona kudutsa malire, koma silipatsa aliyense ufulu wokopa buku la mwini n'kumagawa. Chachinayi, jambulani mosamala: fayilo iliyonse iyambe ndi nambala monga 001 ndi 002 kuti mitu isasokonekere, ndipo wowerenga atchule dzina la buku ndi mutu wake poyambirira, kuti mawuwo agwire ntchito ya chizindikiro chija.

Mabuku omvetsera a m'Chingerezi ndi osawerengeka, a m'Chichewa ndi ochepa. Makina angakope chokhacho chimene wina wawerenga. Inu amene Chichewa chanu chikadali chotsimphina musachite manyazi: amayi anu kapena amalume akhale pa maikolofoni, inu mukhale pa kompyuta. Pomaliza buku limodzi, makutu anu adzakhala atazolowera chilankhulo cha kwanu, ndipo wina ku Malawi adzakhala ndi chowerenga.