Kufufuza Makolo Aciyuda m'Mabuku Akale

Nkhani ya lero iri ya mwana amene afunsa za agogo ace. M'makomboni a Lusaka, monga Matero, Kanyama ndi Chawama, ndiponso m'midzi yakutali, alipo mabanja amene akumbukira kuti kholo lao linali Myuda wa sitoro kapena wogula ng'ombe. Ena angodziwa dzina lopatsidwa ndi anthu a pamudzi. Ena acita manyazi, nabisa nkhaniyo. Koma mwana akafunsa, mphunzitsi ayenera kudziwa kumene yankho lingapezeke.

Poyamba mphunzitsi adziwe mbiri yace. Ayuda ambiri amene anadza ku Northern Rhodesia anacokera ku Lithuania ndi maiko oyandikana nalo. M'caka ca 1901 abale awiri, Elie ndi Harry Susman, a ku mudzi wa Rietavas, anaoloka Zambezi kukagula ng'ombe m'dziko la Mfumu Lewanika. Ku Livingstone mpingo wa Ayuda unayamba mu 1910, ndipo mwala woyamba wa sunagoge unaikidwa mu 1928. Ena anadza m'zaka za 1938 ndi 1939 pothawa nkhanza za Hitler. Simon Zukas anafika ali mnyamata mu 1938. Atakula anagwirizana ndi anthu akuda pokana Federation, Boma la Atsamunda linamcotsa m'dziko mu 1952, koma anabwerera dziko litalandira ufulu, namwalira ku Lusaka mu 2021. Aaron Milner, amene anali nduna m'Boma la Kaunda, anali mwana wa Myuda ndi mai wacikuda.

Nchito yofufuza iyambira pakhomo. Wofufuza akhale pansi ndi agogo, awafunse mwaulemu, nalembe zonse: dzina la mzunguyo monga alichula iwo, malo a sitoro, boma limene linali pafupi, ndi cinthu cacikuru cimene cinacitika nthawiyo, kaya dzombe, kaya nkhondo. Okalamba sawerenga zaka ndi manambala, koma dzombe salikuiwala. Mau a akulu akoma akagonera, koma akulu eni acewo sakhalitsa. Wozengereza adzapeza manda okha.

Atatero apite ku National Archives of Zambia, nyumba yosungiramo makalata akale a Boma ku Lusaka. Muli mabuku ochedwa District Notebooks, m'mene abwanamkubwa a maboma anali kulembamo za mafumu, misonkho, ndi amalonda a m'dera lao. Mulinso Government Gazette, imene inali kulengeza zilolezo za malonda ndi cuma ca anthu omwalira. Nyuzipepa ya Livingstone Mail, yoyamba mu 1906, inasunga maina ambiri a amalonda oyambawo. Buku la Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro, Zion in Africa, lotuluka mu 1999, lifotokoza mabanja ambiri, ndipo ku Livingstone kuli nyumba yoonetseramo mbiri ya Ayuda pa bwalo la Railway Museum.

Manda nawonso alankhula. Pa mwala wa manda a Myuda pamalembedwa m'Cihebri dzina la womwalira pamodzi ndi dzina la atate wace, kotero kuti mwala umodzi upereka mibadwo iwiri.

Pali misampha itatu. Woyamba: dzina limodzi lilembedwa mosiyanasiyana, pakuti kalaliki anali kulemba monga anamvera. Waciwiri: Lithuania anali pansi pa Russia kufikira 1918, cotero munthu wa kumeneko angalembedwe kuti ndi wa ku Russia, ndipo mudzi wa Rietavas Ayuda anali kuucha Riteve. Wacitatu ndiwo wowawa: m'masiku a Atsamunda kubadwa kwa ana a azungu kunali kulembedwa, koma lamulo lakuti mwana aliyense alembedwe linadza mu 1973. Mwana wobadwa kwa mai wacikuda kawirikawiri sapezeka m'buku la Boma konse. Pamenepo athandiza mabuku a ubatizo a pa mishoni, citupa ca agogo, ndi kaundula wa sukulu.

Wofufuza asadabwe njira ikathera pano. Pakati pa 1941 ndi 1944 Ayuda a ku Lithuania anaphedwa pafupifupi onse, ndipo abale ambiri a amalonda aja anathera momwemo. Cifukwa cace kapepala kosungidwa ku Lusaka, kapena cikumbukiro ca gogo wa ku Matero, nthawi zina ndico cokha cotsala ca banja lonse. Asayembekezenso colowa kapena ndalama. Cimene adzapeza ndi dzina ndi kwao kwa kholo lace. Ndipo ngati banja silifuna kuti nkhani yao imveke, mphunzitsi aisunge, asaiulule m'kalasi.

Potsiriza, aphunzitsi akumbukire kuti kaundula wa sukulu ya pamudzi ndiye buku limene mdzukulu wina adzalitsegula zaka makumi asanu zitapita. Dzina la mwana lilembedwe lonse, pamodzi ndi la atate, la amai, mudzi, mfumu, ndi tsiku lobadwa, m'zilembo zooneka bwino. Kaundula wakale asaponyedwe pamoto, ndipo asungidwe kutali ndi ciswe ndi denga lodontha.