Mau Akuti "Suffocate" ndi Mbaula ya Makala

Lero tikambe za mau a Chingerezi akuti "suffocate". Ana anu a sukulu amaona mbale wake wa mauwa, "suffocation", atalembedwa pa majumbo ena a pulasitiki, kuchenjeza kuti mwana asavale jumbolo kumutu.

Angerezi anabwereka mauwa ku Chilatini zaka zoposa 500 zapitazo. M'Chilatini "sub" ndiye kuti pansi, "fauces" ndiye kukhosi. Tsono poyamba ankanena za kukanyanga munthu pakhosi, koma lero amanenanso za munthu wosowa mpweya wabwino ngakhale palibe wamgwira. Ife timati kubanika. Si kutsamwa ai, pakuti wotsamwa chamtsekera ndi chakudya. Sikupumanso wefuwefu kwa munthu wochokera kudimba atasenza mtolo. Ameneyo akakhala pansi mpweya ubwerera wokha.

Chimene tasankhira mauwa ndi ichi. Chiyambire 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu la dziko, ana athu ambiri akhala ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, ndipo inu mumapita kukawaona mutagulitsa mbeu. Imeneyo ndiyo nyengo yachisanu, Juni ndi Julayi. Nyumba yaudzu ya kumudzi imatulutsako utsi kudenga, koma kachipinda ka lendi ka njerwa ndi malata, akatseka chitseko ndi zenera, mpweya sulowa. Munthu alowetsa mbaula kuti aothe, nagona.

Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa, dzina lake carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka ndi maso, ndipo sutsokomoletsa. Apa ndiye pali ngozi, chifukwa mpweya uwu umamgoneka munthu. Umakanirira m'magazi koposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200. Makala akaleka kufuka nafiira bwino, musati atha ukali ai.

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, kusanza ndi kulefuka. Akadwala chotero onse ogona chipinda chimodzi, musathamangire kunena za ufiti kapena ndiwo zadzulo. Tsegulani chitseko, tulutsani anthuwo pabwalo, ndipo mufulumire nawo ku chipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central, ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. Mbaula izigona kunja. Mafumu, munene zimenezi pabwalo anthu anu asanakwere basi ya ku tauni.