Mawu Olankhulidwa kwa Anthu a M'mawodi: Kulumikiza Zolembedwa za Boma la Thyolo



Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo zokhudza miyoyo yawo zimalembedwa m'mabuku ambiri. Mlimi wa tiyi ali m'buku la bungwe lake, mwana wake ali m'kaundula wa sukulu, mjigo wa m'mudzi mwawo uli m'buku la za madzi. Mabuku amenewa sadziwana. Namondwe Freddy atasakaza dera lino mu Malichi 2023, funso lakuti mudzi uti wataya mlatho, mjigo ndi minda nthawi imodzi linkafuna yankho la tsiku lomwelo.

Akatswiri a makompyuta ali ndi njira yolumikizira zolembedwa zotere. Choyamba amagwirizana mayina a zinthu ndi ubale wake, mgwirizano umene amautcha ontology. Mwinimbumba aliyense amaidziwa ntchitoyi, pakuti amasunga m'mutu kuti uyu ndi mwana wa yani ndipo munda uwo ndi wa mbumba iti. Mofananamo, kompyuta imauzidwa kuti mudzi umakhala pansi pa gulupu, gulupu pansi pa mfumu yaikulu monga Bvumbwe kapena Changata, ndipo mlimi amagulitsa masamba ku fakitale.

Kenako mfundo iliyonse imalembedwa m'zigawo zitatu: chinthu, ubale, ndi chinthu china. "Satemwa ili ku Thyolo." "Satemwa inayamba mu 1923." Mfundo zikwizikwi zikalukana motere zimapanga chimene chimatchedwa knowledge graph. Chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala yakeyake, kotero kuti Cholo wa m'mabuku akale a m'maesiteti ndi Thyolo wa lero zimadziwika kuti ndi malo amodzi. Wikidata, imene inayamba mu 2012, imachita zomwezi, ndipo nambala ya dziko la Malawi kumeneko ndi Q1020.

Vuto ndi lakuti kufunsa nkhokwe yotere kumafuna chilankhulo cha SPARQL, chimene opanga mawebusayiti ambiri sanachiphunzire. Apa ndi pamene pamalowa API. Ntchito yake ikufanana ndi ya nyakwawa: imalandira funso losavuta, kulipereka mkati, n'kubweza yankho m'kalembedwe ka JSON kamene opanga mapulogalamu anazolowera. Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito DHIS2, imenenso ili ndi khomo lotere. Achinyamata ophunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata, yomwe inatsegulidwa mu 2014, angathe kupanga pulogalamu ya pa foni yowerenga zolembedwa zolumikizidwa chonchi.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma ufulu umenewo umachepa mphamvu ngati yankho lamwazikana m'maofesi asanu. Komabe si zonse zoyenera kutuluka pakhomopo. Malo a mjigo ndi a aliyense, pamene matenda a munthu, malipiro ake ndi nambala ya chiphaso chake ziyenera kutsekeredwa.

Gawo la anthu a m'mawodi ndi lalikulu. Kompyuta imabweza zimene yapatsidwa, choncho dzina la mudzi likalembedwa mitundu itatu, mudziwo ungawerengedwe katatu kapena kusowa pa mndandanda wa chithandizo. Makomiti a VDC ndi ADC akupemphedwa kugwirizana kalembedwe kamodzi ka mayina a midzi, kulemba tsiku limene mjigo unawonongeka, ndi kupereka mabukuwo kwa khansala wa wodi yawo.