Ndulu ya ng'ona, ufa wonyowa ndi anthu obwera ndi mafunso

 Mutu umene mwandipatsa ndi wa kafukufuku wa zaumoyo ndi zakudya, uja amachita m'zipatala, m'masukulu ndi m'malo a ntchito. Ambirife tikamva mawu oti kafukufuku timaganiza za anthu a galimoto yoyera, onyamula mapepala ndi sikelo, amene amafunsa kuti dzulo munadya chiyani. Ena timawathawa, ena timawanamiza. Ine ndikuti tiziwalandira ndi kuwauza zoona, koma nafenso tiziwafunsa mafunso athu. Chifukwa chake ndichifotokoza ndi nkhani imene inachitika m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete.

Pa 9 Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, kunali maliro. Monga mwa mwambo, anthu anamwa mowa wamasese, umene kumeneko amati pombe. Usiku womwewo ndi m'mawa mwake anthu anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kulefuka, ena mpaka kukomoka. Onse amene anadwala anakwana 234, ndipo 75 anamwalira. Mayi amene anafulula mowawo nayenso anamwalira, pamodzi ndi ena a m'banja lake. Boma linalamula masiku atatu okhuza maliro m'dziko lonse. Ambiri a inu munamva pa wailesi, ndipo mukukumbukira zimene tonse tinkanena: wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Ngakhale nyuzi za kunja zinalemba choncho. Anthu ankati mdaniyo anathira chiphe pamene anzake anali kumanda.

Tsono taganizani, abale anga, nkhani ikanathera pamenepo. M'mudzi mukangomveka za ndulu ya ng'ona, timayamba kuyang'anana. Timakumbuka amene anakangana ndi malemu, amene amapita kumtsinje yekha, agogo amene amakhala okha kumapeto kwa mudzi. Tikudziwa tonse kumene zimenezi zimakathera.

Koma a Instituto Nacional de Saúde, bungwe la boma loona za kafukufuku wa matenda, anapita ku Chitima. Anaona mabuku a kuchipatala, anafunsa opulumuka kuti munamwa nthawi yanji ndipo munamwa wochuluka bwanji. Anatenga mowa wotsala, ufa ndi magazi a odwala, zina nkuzitumiza kunja, mpaka ku America. Yankho silinabwere msanga ayi. Linadzatuluka mu Novembala chaka chomwecho, miyezi khumi itadutsa. Mu mowamo munalibe ndulu ya ng'ona. Munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, dzina lake Burkholderia gladioli. Kachilomboko anakapeza mu ufa wa chimanga umene anafululira mowawo. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira nkuyamba kuwonongeka. Eni ake anaona kuti wa nsima sungatheke, koma anaganiza kuti wa mowa ungachite.

Apa mpamene ine ndimaima tsitsi. Ndani mwa ife amene sananenepo mawu amenewa? Chimanga chikachita chuku m'nkhokwe timasankha, chabwino cha nsima, choolacho timati chikhale cha mowa kapena cha thobwa, moto ukapsereza zonse. Amayi, ndikunama? Koma ofufuza akuti poizoni ameneyu samva moto. Muwiritse tsiku lonse, iye ali momwemo. Alibe fungo, sawawa pakamwa, ndipo mankhwala omuchotsera m'thupi kulibe. Akalowa amatseka njira imene thupi limapangira mphamvu, chiwindi ndi impso nkufooka. Kale ankadziwika ku Asia kokha, makamaka ku Indonesia kumene ankapha anthu odya chakudya chosasitsa cha kokonati, ndiye ku Chitima kunali koyamba kumupeza mu Africa muno. Mu 2020 anaphanso anthu 9 a banja limodzi ku China, atadya chakudya cha ufa wa chimanga wosasitsa umene unakhalitsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kumapiri mvula ndi chifunga sizisowa, ufa umachedwa kuuma pamphasa. Sindikunena kuti tisiye kuviika mphale, makolo athu akhala akutero kuyambira kale. Ndikunena za ufa umene wanyowa nkuyamba kununkha kapena kusintha mtundu. Umenewo ngwotaya basi, ngakhale mtima ukuwawa.

Za ndulu ya ng'onayo, katswiri wina wa mankhwala wa ku Zimbabwe, a Norman Nyazema, anaiyesa kale m'zaka za m'ma 1980 ndipo sanapeze kuti ndi chiphe choopsa monga timanenera. Ndikudziwa kuti ena muno simugwirizana nazo, ndipo sindikukakamizani. Koma za ku Chitima zokha, chimene chinapha anthu chinapezeka, ndipo chinali mu ufa.

Ofufuza aja anatha kupeza zoona chifukwa anthu anawayankha ndipo analola kupereka magazi. Nkhani ya magaziyi ndiyo imativuta kwambiri. Mu 2017 kwa anansi athu ku Malawi, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu angapo anaphedwa popanda mlandu, mpaka a United Nations anachotsako antchito awo kwa kanthawi. Kwathu kuno ku Mozambique, mu 2009 ku Mogincual m'chigawo cha Nampula, anthu ongodzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa powaganizira kuti akufalitsa kolera, pamene iwo ankathira klorini m'zitsime. Pa Chipwitikizi mawu awiriwa, cloro ndi cólera, amamveka ngati amodzi. Kadontho ka magazi kamene amatenga pachala cha mwana nkoyezera malungo kapena kuchepa kwa magazi. Sikangadzaze ngakhale supuni.

Tsopano malo a ntchito. Ife tilibe fakitale, ntchito yathu ili kumunda ndi m'chigafa, makamaka inu a ku Macanga amene fodya ndiye ndalama zanu. Mukathyola fodya m'mamawa masamba ali ndi mame, kenaka mutu nkuyamba kuwawa, chizungulire, nseru, ambiri timati ndi malungo kapena dzuwa. Ofufuza anapeza kuti chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa kudzera pakhungu, munthu nkudwala ngati wasuta kwambiri chonsecho sanayatse ndudu. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi, loti tsiku lachinyezi mwana akhoza kulowetsa chikonga chokwana mamiligalamu 54, chofanana ndi ndudu 50. Fodya wa ku Kasungu ndi wa ku Furancungo sasiyana. Tidikire mame aume, tivale malaya a manja aatali, onyowa tivule, tisambe ndi sopo, ndipo ana asathyole kapena kusoka fodya.

Kusukulu ndi kusikelo ndiko kuli funso limene limandizunguza mutu. Kafukufuku wamkulu wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti ana 43 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37. Zatsika, koma pang'ono. Nanga ife kuno, amene timadzaza malole ndi kachewere, nyemba, kabichi ndi tirigu, bwanji kusikelo kukupezekabe ana amene msinkhu sukugwirizana ndi zaka? Ine ndimaona kuti nyemba ndi mazira zimathera kumsika, mwana nkutsala ndi phala loyera lathira mchere. Koma amenewo ndi maganizo anga chabe, ndipo mpake kuti ayesedwe. Ku Zambézia anayesadi. M'zaka za 2003 ndi 2004 anapatsa mabanja mbewu ya mbatata yofiira m'kati, nkuwaphunzitsa kudyetsa ana, ndipo anayeza magazi a anawo poyamba ndi pomaliza. Ana osowa vitamini A anatsika kuchoka pa 60 kufika pa 38 mwa 100 aliwonse. Mmodzi mwa akatswiri a mbatatayi, mayi Maria Andrade, amene agwira ntchito zaka zambiri m'dziko muno, analandira nawo mphoto ya dziko lonse ya chakudya mu 2016. Cholinga cha mbatata mukuiona m'madimba ija chinachokera m'kuyeza kotere.

Koma ndisawayamikire okhaokha ofufuzawa. Ndili nalo dandaulo. Chaka china kwathu kunabwera gulu, sinditchula dzina. Anasonkhanitsa amayi tsiku lonse nthawi yopalira, anayeza ana mikono ndi msinkhu, anafunsa mpaka nkhuku zimene tili nazo. Ananyamuka madzulo, fumbi kobo! Mpaka lero palibe amene anabwera kudzatiuza kuti ana athu anawapeza bwanji. Zoterezi ndi zimene zimabala mphekesera. Munthu amene watenga magazi a mwana wako nkusowa, m'mudzi amupezera dzina.

Choncho akabwera, mafumu athu, musachite manyazi. Afunseni kalata ya chilolezo. M'dziko muno kafukufuku wokhudza thupi la munthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu oyezedwa, ndipo yaikulu yake ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Afotokoze m'chinenero chathu, osati m'Chipwitikizi chokha, kuti akufuna chiyani ndipo magaziwo apita kuti. Aliyense ali ndi ufulu wokana, ndipo wokanayo sayenera kumanidwa mankhwala kuchipatala. Mwana wa sukulu asayezedwe makolo osadziwa. Mwana akapezeka wodwala kapena wonyentchera, atiuze pompo ndi kumutumiza kuchipatala. Ndipo atchule mwezi umene adzabwere ndi zotsatira, mlembi wa mfumu alembe m'kope.

Pempho langa kwa a komiti ya kalabu ndi ili. Mvula isanayambe, tipemphe a wailesi yathu aitane mkulu wa zaumoyo wa boma lino ndi mlangizi wa zaulimi, adzafotokoze za ku Chitima ndi kasungidwe ka ufa, makamaka kwa amayi ofulula mowa ndi ophika thobwa la pamaliro ndi paukwati. Ndipo gulu lililonse lobwera kudzayeza ana ku Tsangano kapena ku Macanga lizipatsidwa nthawi pa wailesi kawiri, pobwera ndi pobweza zotsatira. A mlembi, chonde mulembe zimenezi kuti tidzazikambirane pa msonkhano wa mwezi wamawa.