Mbalame ya ku Thyolo ndi Gulugufe wa ku Mulanje

M'nkhalango zoŵirira za m'mapiri a kumwera kwa Malaŵi muli kambalame koimba kamene akatswiri amakatcha Thyolo alethe. Pa phiri la Mulanje palinso gulugufe wotchedwa Cymothoe melanjae. Zonse ziŵiri zidatenga maina a malo kumene zidapezeka.

Kumbali ya mtundu n'zosiyana kutalitali. Mbalameyi ili ndi mafupa ndipo ili m'banja la Muscicapidae. Gulugufe alibe mafupa: ndi kachilombo ka m'banja la Nymphalidae, kamene kamayamba moyo kali mbozi yodya masamba.

Koma mudzi wao ndi umodzi. Mbalameyi imatsatira linthumbu pansi pa mitengo n'kumatola tizilombo timene tikuthaŵa, pamene gulugufe amaikira mazira pa masamba a m'nkhalango.

Nkhalango ya pa phiri la Thyolo idadulidwa pafupifupi yonse, ndipo mbalameyi idasoŵa pokhala pa phiri lomwe lidaipatsa dzina. M'chaka cha 2005 idapezekanso pa phiri la Mabu ku Mozambique, kumene mitengo idali chiimire. Choncho wofuna kuteteza mbalameyi kapena gulugufeyu ayambe wateteza nkhalango ku nkhwangwa ndi moto wolusa.