Zotchinga Moto za ku Mangalande: Kodi Anazipanga Ndani?

Lero tikambirana za chipangizo china chimene chinkapezeka m'nyumba za anthu olemera a ku Mangalande zaka zoposa 200 zapitazo. M'nyengo yachisanu iwo ankaothera moto m'nyumba, ndipo pofuna kuti nkhope isawauke, ankaimika chotchinga pakati pa munthu ndi motowo. Chotchingachi chinali ngati tizitseko tiwiri kapena titatu tolumikiza ndi mahinjesi, tokutidwa ndi nsalu, ndipo chinkapindika monga buku.

Matabwa ake anali a mahogany, mtengo wofiirira umene uli pachibale ndi mbawa wathuyu. Angerezi anayamba kuuitanitsa wochuluka kuchokera ku Jamaica boma lao litachotsa msonkho wake m'chaka cha 1721. Ougwetsa m'nkhalangomo anali akapolo ochokera kuno ku Africa.

Tsono nkhani yagona pa dzina la mmisiri, pakuti dzinalo ndilo limakweza mtengo pa okushoni. Wogulitsa akangoti "ichi n'cha Chippendale," wogula amapisa m'thumba mozama. Thomas Chippendale, amene anamwalira mu 1779, analidi katswiri, ndipo nyumba yake ya ntchito inali mu St Martin's Lane ku London. Koma mu 1754 iye anasindikiza buku la zithunzi za mipando, matebulo ndi zotchinga moto zomwe, ndipo kalipentala aliyense amene anagula bukulo ankatha kutengera. Chovuta china n'chakuti mkuluyu sankadinda dzina lake pa katundu wake. Umboni weniweni ndi malisiti, monga aja a 1759 a katundu wa ku Dumfries House ku Scotland, amene alipo mpaka lero. Chotchinga chopanda pepala lotere, kaya chikongole chotani, tingangoti chinapangidwa motsanzira Chippendale.

A Gillows a ku Lancaster ndiwo anapeputsako ntchito ya ofufuza. Cha m'ma 1790 anali atayamba kudinda dzina lao pa thabwa, ndipo mabuku ao, m'mene ankajambulamo katundu ndi kulemba mtengo wake, akusungidwa ku Westminster. Komabe si katundu wao yense amene anamudinda, ndiponso chidindo munthu wachinyengo angathe kuchisula. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amatembenuza chotchingacho, nayang'ana mahinjesi, misomali ndi m'mene macheka anadutsira, kenaka n'kukafanizira ndi chithunzi cha m'mabuku aja.